Tsiku limene ndinagawa buledi wa eni kutsidya kwa malire

Pakamwa panga sindipakayikira, ndipo kwathu ku Kabwazi amadziwa zimenezo. Koma kuli mudzi wina ku Mozambique kumene mpaka lero ndikamadutsa ndimatsitsira chipewa kumaso.

Yohane, mwana wa mlongo wanga, anapeza mbeta kumeneko. Monga malume ndinayenera kukaonekera kwa a Domingo, malume ake a mtsikanayo. Pofuna kukafika ngati munthu wodziwa dziko, ndinapempha nzeru kwa a Zuze, mnzanga wa pabawo wobadwira komweko (ndinaiwala kuti anachokako nthawi ya nkhondo ndipo sanapondekonso).

"Kwathu kulibe changa kapena chako," anatero a Zuze. "Munda ndi wa gulu, sitolo ndi ya anthu onse. Wochita malonda payekha timamuyesa mbava. Ndipo akuluakulu muziwatchula kuti kamarada, ndiwo ulemu wake."

Titafika anatikhazika pakhonde la golosale yaikulu, pafupi ndi chigayo ndi lole yodzaza mbatata ya kachewere. Ndinagwira a Domingo dzanja ndi manja awiri.

"Muli bwanji, kamarada?"

Anandiyang'ana kanthawi ndithu. "Tili bwino, bambo."

Ine ndinati mkuluyu ndi wamanyazi chabe.

Patebulo panali dengu la buledi wotentha, ndipo ana anali ataunjikana chapatali kuonerera alendo. Ndinaona kuti mpata woonetsa kuti mwambo ndikuudziwa ndi umenewu. Ndinanyamula dengulo n'kuyamba kugawa. "Idyani ananu, n'za tonse izi." Yohane anandikoka jekete (ndinaganiza kuti akufuna wake, ndinam'patsa).

Kenaka inakwana nthawi yoti ndinene chimene tabwerera. Ndinaimirira.

"Ife takondwa kufunsira mbeta kwa anthu osakonda ndalama. Kwathu aliyense ndi venda, ngakhale tsabola wa kuseri kwa nyumba amakugulitsa. Inu ndinu amwayi. Golosale iyi, chigayo ichi, zonse za mudzi, popanda wina kudzikundikira ngati fisi."

Akazi awo a Domingo anagwira pakamwa n'kuthawira kuseri. A Domingo eni ake anandidikira kuti ndikhale pansi.

"Bambo, ndili mnyamata aboma anatichotsa pamunda wa makolo kuti tikalime munda wa gulu. Tsiku lina ndinagulitsa thumba langa la mbatata kwa munthu wa ku Dedza, ndipo anandigoneka pansi n'kundikwapula mudzi wonse ukuona. Zinthu zitasintha ndinayamba malonda ndi njinga yobwereka. Golosale iyi ndi yanga, chigayo ndi changa. Fisi mukunenayo ndine. Buledi uja amadikira mayi wa patiirumu."

Ndinayesa kuseka, koma palibe anandithandiza. Yohane anali atazolika, ndipo ndinaona mkazi akumupulumuka m'manja chifukwa cha ine.

"Mnyamatayu amaganiza ngati inu?" anafunsa a Domingo.

Apa mpamene pakamwa panga panagwira ntchito yake.

"Ameneyu? Ndi woumira zedi. Ali ndi njinga ya kabaza, ndipo ngakhale ine malume ake amandilipiritsa. Mvula igwe, mayi ake omwe sakwera ulere."

A Domingo anamuyang'ana Yohane kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndiye ndi wathu ameneyu."

Zoti amandilipiritsazo ndinapeka pomwepo, mwanayo anali asanalandirepo khobidi langa. Lero ndiye amayendetsa chigayo cha a Domingo chija, ndipo ndikapita ndi chimanga amandiimika pamzere n'kunditambasulira dzanja ngati wina aliyense. Ndidandaula bwanji, poti umboni ndinapereka ndine?