Tsiku limene ndinagwada pamaliro a Mbewe

Ine si munthu wolankhulalankhula. Ndinalakwitsa kamodzi, ndipo mpaka lero nyumba ya a Mbewe ku Sakubva ndimailambalala.

A Mbewe ndinakula nawo pafamu ku Odzi. Makolo athu anachokera ku Dedza. A Mbewe atamwalira, sahwira wawo ndinali ine. Kuno kwa anthu olankhula Chishona, sahwira ndi mnzake wa malemu, ndipo ntchito yake pamaliro ndi kuseketsa olira. Amavala zovala za malemu n'kumawayerekeza. Palibe womuletsa.

Ndinavala jekete lawo. Ndinayenda monga ankayendera, mimba patsogolo. Anthu anaseka. Ndinayambitsa nyimbo monga ankayambitsira kutchalitchi, pamwamba posafikika. Ngakhale akazi awo, a Nabanda, anasekera m'chitenje. (Pamenepo ndikanakhala pansi. Koma kuseka kwa anthu kumaledzeretsa, makamaka ngati sunakuzolowere.)

Ndinati, "Nanga tsiku lija anatithamangitsa pafamu?"

Ndinagwada pafumbi. Ndinawomba m'manja. Ndinalira m'Chishona chokhotakhota cha a Mbewe chija, kupempha anyamata amene anabwera kudzalanda famuyo kuti atisiyire mbuzi imodzi yokha. Ndinakwawa mpaka pabokosi.

Anaseka awiri atatu. Kenako zii.

Mwana wamkulu wa a Mbewe, Tendai, yemwe ndi mphunzitsi, anaimirira. Amanditcha Sekuru, mawu a Chishona olemekezera mwamuna wamkulu. Chichewa chimamuvuta, koma anayesa.

"Sekuru, bambo anagwada?"

Ndinayang'ana a Nabanda.

"Alamu," anatero, osakweza mawu, "anawa nthawi imeneyo anali kwa azakhali awo. Tinawauza kuti bambo awo anachoka okha, akuyenda ndi miyendo yawo, osapempha munthu. Zaka zonsezi akhala akudziwa zimenezo. Inu munalipo. Munagwada nawo limodzi. Bwanji simunayerekeze zanu?"

N'zoona. Ndinagwada pambali pawo. Woyamba kulira ndinali ine.

Palibe anandikalipira, mwambo sulola. Kumanda anandipatsa fosholo ngati wina aliyense. (Bola akanandimenya nayo.)

Patatha mwezi Tendai anandipeza pamsika. Sanakwiye. Anandigulira tiyi.

"Sekuru, ndiuzeni zonse za tsiku lija. Osaseka. Mwatsala inu nokha."

Ndinati abwere mawa. Anabwera, ndinabisala kuseri kwa matumba a mbatata.

Nkhani ija ndinaisewera pamaso pa khamu lonse, maondo pansi, osachita manyazi. Kuifotokoza bwinobwino kwa munthu mmodzi, nditakhala pampando, zandikanika. Tendai amabwerabe Loweruka lililonse.