Mapepala a malemu a Ndime Naini

Mapazi 42: ndiwo mtunda wochoka pabenchi ya malemu a Ndime Naini kukafika pamsewu. Ankauyeza m'mawa uliwonse asanayambe ntchito, ngati kuti msewu umasendera munthu ukayang'ana kumbali.

Anali osoka nsapato. Dzinalo analitengera ku pangano la mayiko atatu lomanga msewu waukulu wodzadutsa pamsika pathu. Anali nalo lofotokopa, m'jumbo, pansi pa mpando. Ukapita ndi nsapato yong'ambika, unkabwerako utaloweza ndime naini: wolembetsa malo ake Nyumba ya Malamulo isanavomereze panganolo adzapatsidwa malo ena, wosalembetsa adzaonana ndi buludoza.

"Bambo, ine ndangofuna soli," anadandaula mayi wa tomato tsiku lina.

"Soli ya chiyani, mayi, poponda mulibe?"

Pa ukwati wa telala wa pamsika pathu anawapatsa pemphero lotsegulira. Anayamba bwino ndi akwati, kenaka anakhotera kwa aphungu ndi ndime naini. Ameni tinachita kuwalanda.

Tinkaseka, koma iwo anayenda benchi ndi benchi mpaka kusainitsa anthu 63 pa mapepala olembetsera malo. Osadziwa kulemba ankadinda chala ndi polishi wa nsapato. Miyendo itayamba kuwakana, mapepalawo anandipatsa ine, poti ndimapita m'tauni kukaoda misomali ndi maloko.

"Mwanawe, ofesi ya zamalo, chitseko chachitatu. Usachoke asanadinde."

Ndinapeza mzere wafika panja, ndipo kooda amatseka 12 koloko. Ndinawerengera msangamsanga m'mutu, misomali inapambana. Ndinati ndidzapereka ulendo wina.

"Wapereka?"

"Ndapereka, bambo."

Anandivula nsapato pomwepo, n'kundiikira soli yatsopano ulele. Ndi zomwe ndavalazi.

Anatisiya mwezi watha. M'mawa pamsika pamangoti zii, palibenso wowerenga mapazi mokweza, ndipo ine ndimazungulira kuseri kuti ndisadutse pabenchi yawo.

Dzulo wailesi yalengeza kuti aphungu avota pa panganolo Lachinayi likubwerali. Mapepala ndawapeza pansi pa katoni ya maloko, makoswe atadya mayina 21. Ndaulula kwa mayi wa tomato. Anangoyang'ana nsapato zanga.

Mawa ndiyamba kusainitsanso, kuyambira mayi wa tomatowo, polishi ali m'thumba, mpaka mayina 21 akwane. Lolemba shopu sinditsegula. Ndikaima pamzere pa chitseko chachitatu mpaka adinde.