Lichero la Kompyuta ndi Sipichi ya a Tcheyamani

Lolemba
Bambo Mfumu apita ku Lilongwe, andisiyira ofesi ya parishi ndi kompyuta yawo. A Tcheyamani a chipani akufuna sipichi yotsegulira mlatho Loweruka, yotuluka m'makinawa, osati pa taipilaita. Koma kompyutayi, kuchedwa kwake! Kalikonse imakatenga ku disiki, kwe-kwe-kwe. Bambo anandiuza kuti disiki ndi nkhokwe, ndipo mu memore muli kalichero kosungiramo zimene yangotapa kumene, kuti isamabwererebwerere. Kukula kwa licherolo amasankha ndi munthu. Mawa ndilikulitsa. Iuluka imeneyi!

Lachiwiri
Memore pafupifupi yonse ndaipereka ku lichero. Pulogalamu yolembera yakana kutseguka, akuti malo palibe. Ndazimitsa, ndayatsa, ndaifunditsa chitenje poganiza kuti mwina ndi kuzizira kwa kuno ku Dedza. Ayi ndithu. Pampando sindikukhazikika.

Lachitatu
Lichero ndalichepetsa kwambiri. Pulogalamu yatseguka, koma ikuyenda ngati ngolo ya mbatatesi m'matope a ku Mayani. A Tcheyamani afika, ayima kumbuyo kwanga, mpweya wawo m'khosi mwangamu. "Achimwene, makinawa anagula khadi la chipani?" Aseka. Ine ndaseka mochedwa.

Lachinayi
Lero lichero ndaliika pakatikati. Ndatulukiranso china: ndailola kuti zimene ndalemba izizisunga kaye m'lichero, izikathira kunkhokwe ikapeza mpata. Liwiro lakelo! Sipichi yonse yatha. Ndikungozungulira m'ofesi, tiyi mpaka wazizira. Ndani ngati ine?

Lachisanu
Powerenganso, ndapeza cholakwika! Ndinalemba kuti "tidzatopa kuthokoza Boma lathu." "Si" kulibe! Ndakonza msangamsanga, ndadina posunga, yavomera kuti yasunga. Nthawi yomweyo magetsi thi! Mwayi wanga, ndakonzeratu. Tsopano kudikira: pakhomo, kumsika, pakhomo, kumsewu kukayang'ana mawaya. Magetsi osabwera.

Loweruka
Ayaka m'mawa, galimoto ya chipani ili kale pabwalo, hutala pii-pii! Ndasindikiza, ndapereka osawerenga. Kumlatho anthu ndi namtindi: amayi a chipani, ana a sukulu, mlendo wolemekezeka wochokera ku Lilongwe. A Tcheyamani akweza chibakera: "Ife a kuno TIDZATOPA kuthokoza Boma lathu!" Amayi nthungululu, poti anazolowera. Kenako mlendo avula magalasi. A Tcheyamani akundifunafuna ndi maso. Ndiye kuti "si" wanga anali akadali m'lichero pamene magetsi amazima, kunkhokwe sanafike.

Lamulungu
Misa yangondidutsa. Bambo Mfumu abwerako: "Ikati yasunga, mwana wanga, uzidikira kaye." Lero ndiye akunena! Mayi a ana angondiikira bulangete ndi mbatata yootcha m'thumba, ngati wopita kundende. Mawa akundifuna ku ofesi ya chipani, akuti ndipite ndi amene analakwitsayo. Chabwino. Wilibala yonyamulira kompyuta ndabwereka kale.