Dimba Langa ndi Matsache a Aneba

Lolemba

Amake Taonga akubwera Loweruka. Mkazi wanga yemwe, amene wakana kuchoka ku Lusaka zaka ziwiri zathunthu chinditumizireni kudzagwira ntchito kuno ku Rufunsa. Ulendo wapitawo anaima pakhomo, kuyang'ana uku ndi uku, n'kunena kuti, "Pano ni fumbi chabe. Olo mbuzi ingaleme." M'mawa mwake anakwera basi. Tsopano akuti abwera kudzaona komaliza. Pakaoneka ngati pakhomo pa munthu, asamuka ndi mwana. Pakapanda kutero, ndizingowaonera pa foni. Ndatopa kudya ndekha, ndipo sindichita manyazi kulemba zimenezi.

Ndili ndi masiku asanu, koma nzeru ndapeza kale. Dimba lodzisamalira lokha! Andifotokozera ndi ba Sakala, mnzanga wodziwa zaulimi. Sulima, susesa, suthirira tsiku ndi tsiku. Umabzala zomera zopirira dzuwa, n'kuphimba nthaka yonse ndi udzu wouma ndi masamba. Chinyezi sichithawa, fumbi silidzuka, iwe umangokhala pampando.

Zomwe ndabzala nditaweruka:
alovera zinayi
udzu wa tiyi uja wonunkhira mandimu, mapata atatu
maluwa ofiira omwe ndazula kuseri kwa ofesi (dzina sindilidziwa, koma palibe amawathirira ndipo safa)
kalembula, mbatata ya masamba ija, kuti pakhalenso ndiwo

Udzu wouma matumba asanu ndi limodzi, masamba a mango matumba awiri. Ndamwaza pabwalo ponse mpaka kumalire ndi aneba. Ukaponda pakufewa bwino. Msana ukuwawa, koma uku ndiye kuwawa komaliza.

Lachiwiri

Ndafika kunyumba madzulo, ma 17. Ndikuganiza kuti ndasochera khomo.

Pabwalo pali mbee. Udzu kulibe, tsamba ndi limodzi lomwe kulibe. Nthaka yosesedwa bwinobwino, mizere ya tsache ili ndondondo kuyambira pakhonde mpaka kumsewu. Kuseri kwa chimbudzi kukufuka utsi. Matumba anga asanu ndi atatu aja ndi phulusa.

Akutulukira amake Dalitso, aneba a kumanja, mayi wamtima wabwino amene satha kuona chinthu chili pamalo olakwika. Nkhope ili ngwee.

"Ba neba, tinaona mphepo yakubweletselani vinyalala. Osadandaula, tapyanga vonse."

Ndaomba m'manja n'kuthokoza. Manja angoomba okha, mutu usanaganize. Munthu wakusesera bwalo lonse dzuwa la mwezi uno lili pamutu, ungayambe ndi kumukalipira?

Kenako ndayesa kufotokoza pang'onopang'ono kuti udzuwo ndinaika dala. Andiyang'ana momwe amayang'anira munthu wodwala malungo.

"Dala? Mufuna kuweta njoka?"

Palibe chaonongeka kwenikweni. Zomera zonse zilipo, angozisesa mozungulira. Udzu kuthengo sunathe. Vuto ndi loti sindinawaphunzitse, ndipo mawa ndiwaphunzitsa.

Lachitatu

Ndadzuka kusanatenthe, ndamweta matumba anayi. Ndamwazanso. Ndisanapite kuntchito ndaitana amake Dalitso kuti ndiwapatse phunziro lonse. Ndafukula pansi pa udzu, ndawagwiritsa dothi kuti amve kuzizira kwake. Ndatchula chinyezi kanayi. Ndatchulanso ba Sakala kuti adziwe kuti si maganizo anga ndekha. Amangogwedeza mutu, "Ee, ee, namvela." Pochoka ndamva akuuza mng'ono wawo, amene amakhala nawo, kuti, "Mwamuna akankhala yekha maningi, ayamba kuganiza vambili."

Komabe alonjeza kuti sasesa. Ndapambana.

Madzulo. Sanasesedi, mawu awo asunga. Koma nkhuku zawo sizinalonjeze kanthu. Zapeza kuti pansi pa udzu wanga pali chiswe, ndipo zaitana abale awo a mzere wonse wa nyumba zathu. Udzu zapalasa, wina uli pakhonde panga, wina m'ngalande, wambiri uli pabwalo la amake Dalitso. Iwo aima pakhomo pawo, tsache lili m'manja, akundiyang'ana. Ndanena ndekha kuti, "Pyangani chabe, amai." Sanadikire kuti ndibwereze.

Pamene nkhuku zimagwira ntchito, mbuzi nazo sizinakhale manja lende.
Kalembula: watha.
Udzu wa tiyi: zameta mpaka pansi.
Maluwa ofiira: zalawa, zalavula, zapondaponda.
Alovera: zonse zinayi zili moyo. Kuwawa kumathandiza.

Udzu ndausiya, si wa kuno. Nzeru yachiwiri ya ba Sakala ndi mabotolo. Umadzaza madzi, kuboola kachivindikiro, n'kulizika chadodolido pafupi ndi chomera. Limadontha lokha sabata yonse. Ndazika khumi ndi awiri kuzungulira nyumba, ena pa alovera, ena pa zitsa za udzu wa tiyi kuti ziphukenso. Nkhuku singapalase botolo. Mbuzi singadye botolo. Ndikufuna ndione amene asese botolo.

Amake Taonga aimba foni kufunsa ngati pakhomo pasintha. Ndati, "Muzaona mweka." Ndipo adzaonadi.

Lachinayi

Popita kuntchito anthu akundipatsa moni mwachilendo. Mayi wogulitsa tomato pamsika, amene tsiku lililonse amandiitana ndili patali, lero akuyang'ana tomato wake. Bambo wina wandipatukira njira. Ndimaganiza kuti ndi ulemu.

Madzulo ndapeza mabotolo onse khumi ndi awiri atazulidwa, atatsukidwa, ataikidwa m'thumba pakhonde. Mabowo akwiriridwa. Pabwalo pasesedwanso. Amake Dalitso abwera monyang'ama, akulankhula motsitsa mawu.

"Ba neba, ine niziba ndimwe munthu wa chalichi. Manje mabotolo ozika kuzungulila nyumba, mutu pansi? Bantu bayamba kukamba ati mwakhwimila nyumba. Nachosa bakalibe kufika nayo kwa abusa."

Ndati ndi madzi okha. Ati, "Ee, ni manzi," ndi mawu a munthu amene wasankha kukukhululukira.

Ndakwiya, ndisaname. Ndalowa m'nyumba n'kukhala pabedi nsapato zili kuphazi. Koma mkwiyo wake ulibe pogwira. Mayiyu akuteteza dzina langa. Ndikadakhala ndi mdani, bwenzi zinthu zili zosavuta.

Ndaganiza mofatsa ndipo ndaona pamene ndimalakwitsa. Zonse zomwe ndimaika ndi zopepuka. Chofunika ndi chinthu chimene tsache silingasunthe, mbuzi singatafune, ndipo munthu sanganyamule ndi dzanja limodzi. Miyala! Ndalankhula ndi dalaivala wina amene mawa m'mawa akuchokera ku Chinyunyu wopanda katundu, kuti anditengereko. Laimu ndili naye wotsala. Kwatsala tsiku limodzi, ndipo tsiku limodzi ndi lokwanira kwa munthu wodziwa chimene akuchita.

Lachisanu

Ndapempha kuweruka masana. Miyala yafika, yabwino, yobulungira. Ndaunjika dothi pakati pa bwalo kuti pakwere pang'ono, madzi asamaime nthawi ya mvula. Mulitali mapazi asanu ndi limodzi, mulifupi atatu. Ndazunguliza miyala, ndapaka laimu. Alovera zitatu zathyoka pozula, yotsalayo ndabzala kumtunda kwake. Maluwa ofiira opondedwa aja ndawayala pamwamba kuti mwina agwire.

Ndabwerera m'mbuyo kuti ndione bwino. Zaudongo. Zooneka zolemekezeka. Chinachake chikundikumbutsa malo ena, koma sindikukumbuka kuti n'kuti.

Ndili m'bafa ndamva nyimbo yapansipansi panja. Kutuluka, ndapeza amake Dalitso, mng'ono wawo ndi mayi wina wa kutchalitchi kwawo atakhala pansi pafupi ndi miyala yanga, miyendo atatambasula, mitu atafunda zitenje.

"Ba neba, simunatiuze. Ni ndani?"

Ndayang'ananso ntchito ya manja anga. Dothi lokwera, miyala yoyera, maluwa pamwamba, chomera kumutu. Ndamanga manda pakhomo panga.

Atamva kuti palibe wamwalira aseka mpaka kugwirana mapewa. Mayi wa kutchalitchi uja misozi ili mbwembwembwe, kaya ya maliro aja kaya ya kuseka. Pofuna kudziteteza ndaulula zonse: kuti mkazi wanga afika mawa, kuti ndikufuna apeze pakhomo pokongola, kuti akapanda kukonda sabweranso. Kuseka kwatha pomwepo. Ayang'anana.

"Manje munali kubisa chani? Iyi ni nchito yathu. Imwe nkhalani apo."

Ndakhala. Miyala aisenza n'kukaiunjika kuseri. Dothi asalaza. Awaza madzi, ndipo atatu onse agwira matsache, wina kuyambira kumsewu, wina kukhonde, wina kumbali ya chimbudzi, mpaka akumana pakati. Bwalo lonse mizere yokhotakhota ngati mamba a nsomba. Alovera aibzalanso pakona chifukwa ndapempha mogwada.

Si dimba lomwe ndimafuna. Koma ndi paukhondo, ndipo chomera chobiriwira chilipo chimodzi. Ndidzaimika amake Taonga pafupi nacho n'kufotokoza za tsogolo. Pakamwa ndili napo.

Loweruka

Basi yafika ma 11. Taonga watsala kwa agogo ake, amake abwera okha ndi kachikwama kamodzi. Kachikwama ka munthu wogona usiku umodzi.

Tafika pakhomo. Ine ndikulozera kukona kuli alovera. Iwo sakuyang'ana kumeneko, akuyang'ana pansi. Ayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa bwalo osaponda mizere, mpaka kuchimbudzi, n'kubwerera.

"Apyanga ndani pano?"

Apa ndiye ndalakwitsa. Ndati ndine.

Alowa m'nyumba, atuluka ndi tsache langa, lomwe likadali ndi kachingwe ka kusitolo. Andipatsa. "Pyangani nione."

Ndasesa. Fumbi lakwera m'mwamba n'kundibwerera kumaso. Pomwe ndadutsa pakuoneka ngati pamenyana agalu.

Alanda tsache n'kuyamba kuloza nalo pansi. "Uyu apyanga na kumanja, afendela pafupi-pafupi. Uyu ni wamanzele. Uyu wachitatu ni mufupi, onani pamene ifika mikono. Bakazi batatu, atate ake Taonga. Batatu."

Zaka khumi ndi chimodzi tili m'banja, sindimadziwa kuti ndinakwatira munthu wowerenga pansi.

Ndikutsegula pakamwa kuti ndiyambire pa Lolemba, pa udzu, pa ba Sakala. Nthawi yomweyo akutulukira amake Dalitso ndi mbale ya nshawa zokazinga, mng'ono wawo ali pambuyo atavala chitenje chatsopano. Moni wautali, kugwada, kufunsa za ku Lusaka ndi za mwana. Kenako, ndi mtima wawo woyera uja:

"Amai, osadandaula na ba neba. Tibasunga bwino maningi. Nikalema ine, abwela mufana wanga uyu."

Amake Taonga amwetulira. Kumwetulira kumeneko ndimakudziwa. Athokoza kwambiri, alandira nshawa ndi manja awiri, aperekeza alendo mpaka kumalire. Pobwerera andidutsa ngati mtengo.

Tsiku lonse lotsalalo mawu omwe ndalandira ndi awa: "Mchele uli kuti?"

Lamlungu

Chomwe chandidzutsa ndi tsache. Shwe, shwe, shwe, kunja kusanayere bwino. Ndasuzumira pawindo. Amake Taonga amanga chitenje m'chiuno, awerama, akufafaniza mizere yonse ya Lachisanu n'kulembapo yawo. Afika mpaka kumalire, ndipo pamalirepo asesa kawiri. Amake Dalitso atuluka ndi tsache lawo, aona, apereka moni, abwerera m'nyumba.

Alovera yazulidwa. Akuti imakola tsache.

Ndiye dimba lodzisamalira lokha lathera pamenepa:
udzu, phulusa
mabotolo, atenga amake Dalitso kuti azithiramo chakumwa chawo cha munkoyo
miyala, itatu yapita kukhitchini yakunja kukakhala mafuwa
zomera, palibe

Pabwalo pali monga panalili Lolemba m'mawa, fumbi lokhalokha. Ba Sakala ndikawauza kuti nzeru yawo ndi yabwino, koma imafuna munthu wopanda aneba.

Titabwerako kutchalitchi, basi ya ku Lusaka yadutsa pamsewu, ine mtima uli m'mwamba. Kachikwama sikanasunthe pomwe kali. M'malo mwake amake Taonga akhala pakhonde n'kuimbira foni mlongo wawo, mokweza kuti mzere wonse umve. Amange mapoto, mashini osokera ndi matiresi a mwana. Afunse za kalata ya kusukulu ya Taonga. Zonse zikwere basi ya Lachitatu.

"Nankhala kuno. Pa yadi panga sipazapyanga munthu wina nikali moyo."

Ine sanandiyang'ane. Chakudya andiikira patebulo, iwo adyera kukhitchini. Walira mvula walira matope.

Ndikhoza kukonza zonsezi lero lomwe. Ndingoitana ba Sakala ndi amayi atatu aja, afotokoze za udzu, za mabotolo, za manda, dzina langa liyere. Amake Taonga aseka, andikhululukira, kenako ayang'ana bwinobwino pabwalo n'kuona kuti ndi fumbi lomwe lija analikana.

Ndakondwa, ndipo ndikuchita mantha ndi kukondwa kwakeko. Ndikhala wolakwa masiku atatu ena. Zoona zake ndidzanena katundu akatsika m'basi.