Sipoko Yamoto M'dimba la Mayi a Tiya

Mpaka lero mlaliki akangotchula za Nowa ndi chigumula, akazi anga amanditsina pantchafu osandiyang'ana n'komwe. Bola ndiulule ndekha chifukwa chake, a Jere a dimba loyandikana ndi lathu asanakuuzeni ndi zokometsera zawo.

Dimba lathu kuno kwa Mlonyeni mwini wake weniweni ndi akazi angawo, mayi a Tiya. Amathirira matimati ndi timapaipi takuda toyala m'mizere, tochokera pa thanki ya pansanja. Patsinde pa mbande iliyonse pali kampopi kakang'ono ngati nyemba, kodontheza madzi pang'onopang'ono. Timipopi timeneti timatsekeka ndi matope, ndiye chaka chilichonse mvula ikatha amazula takale n'kulowetsa tatsopano m'mabowo omwewo. Ntchitoyi sankandigwiritsa (ine ndinkayesa n'kundilemekeza).

Chaka chimenecho atangowokera mbande, uthenga unafika woti Tiya, mwana wathu, ali kuchipatala ku Boma, masiku ake ochira akwana. Amayi anamanga kachikwama msangamsanga.

"Bambo a Tiya, muzithirira ndi kheni. Timipopi tili m'jumbomo musatikhudze."

"Pitani ndi mtendere, amayi. Ambuye atsogole."

"Ndati musatikhudze."

Masiku awiri ndinamvera. Tsiku lachitatu msana unayamba kundilalikira. Ndinaganizanso kuti mnzangayo akugona pasimenti kuchipatala, akadzapeza ntchito yatha adzasangalala. (Abale, woyesa uja sabwera ndi nyanga. Amabwera ndi maganizo abwino.)

Ndinalawirira m'mamawa, kuli chisanu cha mu Juni. Takale ndinazula bwinobwino. Koma tatsopano tinakana kulowa, paipi ili gwa ngati nyanga ya ng'ombe. Chomwe sindinkadziwa n'chakuti amayi amagwira ntchitoyi dzuwa lili paliwombo, paipi itafewa. Kampopi kamalowa mosavuta, paipi ikazizira n'kukagwira zolimba. Zaka zonsezi ine ndinkangoti amachedwa kuyamba.

Ndinakoleza moto n'kuikapo sipoko ya njinga. A Jere anasuzumira pampanda.

"Akulu a mpingo, mukuwotcha mbewa m'mawa uno?"

"Ndikungokulitsa mabowo pang'ono."

"Eni ake akudziwa?"

"Adzadziwa ndi zipatso zake."

"Ehe," anatero a Jere, n'kukhala pachitsa ngati munthu wodikira mpira.

Sipoko itafiira, ntchito inayenda ngati mafuta. Kuboola, kulowetsa, kuboola, kulowetsa, uku ndikuimba nyimbo yachiyamiko. Nditamaliza mizere yonse ndinapalasa pampu mpaka thanki inasefukira. Ndinavula chipewa, n'kupemphera mwachidule, kenaka ndinatsegula.

Poyamba kunali zii. Kenaka phu! Kanthu kanandilasa pakhutu. Phu! Phu! Timipopi tinayamba kuuluka ngati ziwala m'munda wotenthedwa, madzi akutumphuka m'bowo lililonse n'kumakumba patsinde pa mbande. Mbande zimene amayi anazilera milungu inayi zinayamba kugwa, mizu ili poyera.

Munthu wanzeru akanatseka thanki. Ine ndinagwada n'kuyamba kutseka mabowo ndi zala. Zala zitatha ndinawonjezera bondo.

"Tsekani thanki, akulu!" anakuwa a Jere, misozi ya phwete ili mbwee. "Kapena mukudikira nkhunda ibwere ndi tsamba?"

Podzuka ndinaterereka n'kugwa chagada m'matope. Anakatseka ndi iwowo. Ndili chigonere choncho ndinamva belu la kabaza kumsewu, ndipo pachipata panaima mayi a Tiya, chikwama chili pamutu.

Anayang'ana mizere. Anayang'ana sipoko pamoto. Pomaliza anayang'ana ine.

"Ndi wamkazi," anatero. "Onse ali bwino. Ndabwera kudzatenga agogo ake, koma ndapeza akubatizidwa kachiwiri."

Ndinalira ndi kuseka pakamodzi, matope ali kukamwa. Ndinayesa kudziteteza kuti mwina ndi nkhani ija ya vinyo watsopano m'matumba akale, imene ndaiphunzitsa kangapo kumphakati.

"Matumba analibe mlandu, bambo. Mwawaboola ndi inu. Katengeni chubu chakale cha njinga, dzuwa lisanapserezetu mizuyi."

Anavula nsapato osalowa n'komwe m'nyumba. Tinabwezera mbande m'nthaka imodziimodzi, a Jere akutola timipopi mpaka m'dimba mwawo. Kenaka amayi anadula chubu chija timizeremizere n'kumanga kampopi kalikonse pabowo lake, ine ndikugwirizira paipi. Sanandikalipire ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kugwa kuja. Mizere iwiri inafa. Yotsalayo Ambuye anaichitira chifundo, ndipo inabereka. Mdzukulu ndinakamuona mawa lake, khutu lili lotupa.

Masiku ano amandilola kuthandiza. Ntchito yanga n'kunyamula jumbo la timipopi, masana, ndili chete. Sipoko ija anaisomeka kudenga pamwamba pa chitseko kuti ndiziiona potuluka.

Ndimaiona ndithu, ndipo ndinalapa. Kungoti ndikaiyang'anitsitsa ndimaona kuti inali yonenepa kwambiri. Singano yosokera matumba ikanakwana bwinobwino. Amayi sindinawauze.