Apongozi m'Khola la Zitsulo

LOLEMBA

Lero ndiye lero. Galimoto ndakaisiya kwa Che Saidi, mkulu wa ku Mangochi amene amawotcherera magalimoto a mpikisano pa garaja ina kufupi ndi doko la kuno ku Durban. Loweruka likubwerali bwalo la mpikisano la kum'mwera kwa mzinda likulola anthu wamba kuthamangitsa galimoto zawo zomwe amapitira ku ntchito. Ine ndalembetsa. Gulu lomwe ndalowalo lili ndi lamulo: galimoto ikhale ndi khola la zitsulo m'kati, lija limagwira denga kuti lisakuphwanye mutu ukagubuduka.

Che Saidi akufunsa ngati ndikufuna lomanga ndi mabawuti, loti n'kumachotsa, kapena lowotcherera mpaka kalekale. Funso lonyoza. Munthu wa madigiri awiri amange moyo wake ndi mabawuti ngati bedi la pa lendi? Wotcherani, Che Saidi.

Zochoka: mpando wakumbuyo, kapeti, nsalu ya kudenga, sipika ija inafa kale.
Zotsala: mipando iwiri, chiwongolero, ine.

Akazi anga, Anaphiri, ndawauza kuti galimoto yapita kokailimbitsa pang'ono. Si bodza ayi. Mawu akuti "pang'ono" boma silinawaikire muyeso.

LACHIWIRI

Ku ntchito pa minibasi. Kukamwa tseke, monga mwa masiku onse, kuti asadziwe kuti ndine wobwera. Kondakitala akalankhula ndimangoti "yebo", kaya akundifunsa kotsikira kaya akunditukwana.

Masana ndadzera ku garaja. Chitsulo chachikulu cha kumbuyo kwa mipando chaima kale, chopindika bwino ngati khomo la tchalitchi. Kukongola! Mpando wanga wakumbuyo wasanduka sofa, anthu akumwerapo tiyi. Ukuoneka wosangalala kuposa m'mene unalili kwa ine.

Madzulo Anaphiri akundilandira ndi nkhope yowala, chinthu chomwe chimandiopsa nthawi zonse. Amayi awo, omwe timawayembekeza mwezi wamawa, apeza mnzawo wa ku tchalitchi woyenda naye, ndiye anyamuka mawa ku Dedza. Afika kuno ku Durban Loweruka m'mawa.

Loweruka. Masiku onse amene Mulungu analenga, iwo asankha langalo.

Osadandaula. Ndiwatenga ku siteshoni m'mawa, ndiwatula kuno ku Greyville, ndiuyatsa wa kubwalo. Sharp.

Koma pali kanthu. Apongozi anga ndi a mwambo weniweni, wosasungunula. Chikwatirireni mwana wawo sitinakhalepo pa mphasa imodzi, sitinayang'anizanepo m'maso. Tikakumana pa njira kumudzi, iwo amakhotera m'chimanga, ine m'fodya. Akafuna kundiuza kanthu amauza Anaphiri, ine ndili pomwepo ndikumva. Nkhope yawo ndimaidziwira pa zithunzi. Munthu wotere m'galimoto malo ake ndi kumbuyo, kumbali yomwe galasi silifika.

Kumbuyo kwake kuti?

LACHITATU

Anaphiri akuti akufuna akapukute mpando wakumbuyo, aikepo nsalu yatsopano. Ndayesa kukamba za nyengo. Ndayesa kukamba za ndale. Tapita ku garaja.

Aima pakhomo. Kenako azungulira galimoto pang'onopang'ono ngati munthu woona maliro. Asuzumira kumbuyo, komwe tsopano kwadutsa mapaipi awiri opingasa. Atembenuka, aona mpando uli potero, bambo wina atagonapo.

"Inu, amayi anga muwanyamula ngati mbuzi ya ku msika?"

Ndafotokoza modekha, mwa sayansi, kuti m'Durban muno mulibe galimoto ina yomwe ingateteze amayi awo kuposa iyi ikagubuduka. Akuti amayi awo sakubwera kudzagubuduka.

Che Saidi atamva kuti nkhani ndi ya apongozi azimitsa makina, avula chigoba chakumaso, akhala pansi kuti aseke bwino. Akuti kwawonso mwambowu ulipo, n'chifukwa chake iwo apongozi awo anawasiya ku Mangochi ndipo amalemekezana bwino kwambiri pa foni. Ndawafunsa ngati mapaipi akumbuyowo angachoke kwa tsiku limodzi. Akuti angachoke, ndi chodulira, koma akatero oyeza magalimoto kubwalo kuja sandilola ngakhale kuimika pa geti. Ndiye ndisankhe.

Ndasankha khola. Kunyumba tabwerera pa minibasi, ndipo kwa nthawi yoyamba kukhala chete kwa m'minibasi kwandikomera.

LACHINAYI

Njira zothetsera vuto, monga anatiphunzitsira ku yunivesite:

Yoyamba. Apongozi akwere takisi ya hayala pamodzi ndi mwana wawo, ine ndinyamule katundu. Anaphiri akuti amayi awo alengeza kale ku Dedza konse, ku chigayo, ku mjigo, ku kwaya, kuti akamwini awo ali ndi galimoto ndipo akawachingamira nayo. Anthu akudikira chithunzi.

Yachiwiri. Minibasi. Ayi. Apongozi amalankhula Chichewa mokweza ngati akuitana munthu kutsidya kwa dambo, ndipo amapatsa moni aliyense. Masiku ano, kwa ife obwera, si nkhani yoseka imeneyo. Apa tagwirizana osakangana.

Yachitatu. Kubwereka bakkie ya Che Saidi, kagalimoto kawo konyamulira katundu. Loweruka imapita ku KwaMashu ndi mageti. Komanso ili ndi mpando umodzi wautali, kutanthauza kuti ndikanakhala nawo phewa ndi phewa. Kuthawa utsi, kulowa m'ng'anjo yeniyeniyo.

Yachinayi. Anaphiri ayendetse okha. Anaphiri anayesapo kuyendetsa kamodzi. Mpanda wa eni nyumba ukukumbukirabe.

Yachisanu. Kuyala mphasa kumbuyo, pansi pa mapaipi. Iyi ndangoitchula basi, ndipo ndadya chakudya chozizira.

Apongozi aimba ali pa malire. Auza mwana wawo kuti andiuze kuti ayenda bwino, ndipo anditengera mbatata ya kachewere. Mbatata ya kachewere, kudutsa nayo mayiko onsewa, ngati kuno timadya miyala. Ndauza Anaphiri kuti awauze kuti ndathokoza kwambiri. Foni inali pa sipika, tonse atatu timamvana.

LACHISANU

Ndakatenga galimoto Che Saidi atabwera ku mzikiti. Yatha! Khola lapakidwa penti yoyera, mapaipi kudenga, m'mbali mwa galasi lakutsogolo, ndi ena opingasa pa zitseko zonse ziwiri, ofika m'chiuno munthu ukakhala pansi. Galimoto yalimba ngati mtondo. Ndikakhota siyendanso mopepera. Ndatsala pang'ono kulira.

Masiponji okutira mapaipi sanafike. Che Saidi akuti pa msewu ndiziyenda mosamala chifukwa mutu wopanda helimeti ukagunda chitsulo chimapambana ndi chitsulo. Helimeti ndili nayo imodzi.

Madzulo tayeserera kakweredwe. Anaphiri amanga chitenje ngati amayi awo kuti tione ngati munthu wa ulemu wake angadumphe chitsulo cha pakhomo. Zotsatira:

mwendo woyamba umalowa;
chitenje chimakana;
mwendo wachiwiri umatsala ku Greyville;
amayi a pa fulati ya pamwamba amajambula pa foni.

Kutuluka ndiye kwavuta kuposa kulowa. Ndachita kuwakoka ngati thumba la feteleza, ndipo andiuza mawu ena okhudza madigiri anga omwe sindilemba muno.

Tapangana kuti mawa tikawanyengerere apongozi pa siteshoni pomwepo. Akaiona okha galimotoyo, avomera takisi. Munthu aliyense wanzeru angavomere. Ajambulitse ataima pambali pake, Dedza ikhutire, ine ndipite kubwalo. Nambala yanga ndamata kale pa chitseko.

LOWERUKA

Siteshoni, m'mawa. Basi ya ku Joni palibe. Ofesi ikuti ili pafupi.

Dzuwa lakwera. Anzanga a kubwalo akutumiza zithunzi, magalimoto ali pa mzere woyezedwa. Basi ikadali pafupi. Ndayamba kukayikira ngati anthu a mu ofesiyi amadziwa tanthauzo la mawuwa.

Yafika dzuwa lili pamutu. Apongozi atsika, aafupi kuposa pa zithunzi, duku lili nji. Ine maso pansi, manja pamodzi, bondo lopinda. Ndapereka moni kwa Anaphiri kuti apereke kwa iwo, moniwo wabwerera njira yomweyo. Katundu: zikwama ziwiri, thumba la mbatata, ndowa yomangidwa pakamwa yomwe sindikufuna kudziwa za m'kati mwake.

Ayiona galimoto. Aizungulira. Agogoda chitsulo ndi chala. Anaphiri ayamba kufotokoza za takisi, mawu otsekemera, koma sanafike n'pakati pomwe.

"Uwauze akamwini kuti sindinawoloke malire atatu kudzakwera galimoto ya munthu wosamudziwa."

Anaphiri akuti koma amayi, mipando ndi iwiri, ndipo ndi yoyandikana. Apongozi asuzumiranso m'kati, ayang'ana kudenga nthawi yaitali. Kenako atsegula chikwama, atulutsa chitenje ndi zingwe za mlaza, alamula mwana wawo alowe. Nsonga ina pa paipi ya kutsogolo, ina pa chitsulo chachikulu cha kumbuyo. Chitenje chalendewera pakati pa mipando, kuchokera kudenga mpaka pansi. Zipinda ziwiri. Khola langa la mpikisano, lowotcherera mwa luso, lasanduka nyumba ya lendi ya ku Ndirande.

Pokwera andiuza kuti ndiyang'ane khoma. Ndayang'ana khoma. Kumbuyo kwanga ndamva kachitsulo kulira kamodzi, kenako chitseko. Alowa bwinobwino, mayi wa zaka zakezo, pomwe mwana wawo dzulo anakodwa ngati nsomba. Helimeti avala pamwamba pa duku osafunsa chifukwa. Chithunzi chajambulidwa, chapita ku Dedza. Mbatata ndi ndowa tamangirira ku mapaipi akumbuyo. Anaphiri ndi zikwama akwera takisi.

Ndaliza injini, ndipo apa ndi pomwe ndazindikira tsoka langa. Ndodo ya giya yatsalira mbali ya apongozi. Kuti ndisinthe giya, dzanja langa liyenera kulowa pansi pa chitenje, m'chipinda mwawo, pafupi ndi bondo lawo, ine osaona komwe likupita. Ndaitana Anaphiri takisi isananyamuke kuti andiikire yachiwiri. Ndanyamuka nayo yomweyo, galimoto ikunjenjemera, ndipo sindinaikhudzenso.

Durban yense pa giya yachiwiri! Injini ikukuwa ngati nkhumba yopita kophedwa, liwiro la njinga ya kabaza. Galasi lakumanzere silikuoneka, ndikungoona maluwa a pa chitenje. Oyendetsa minibasi akundiimbira mahutala ndi kunditchula mayina a Chizulu omwe mwatsoka ndimawamva. Pa maloboti aliwonse klatchi ikununkha. Wapolisi wina wa pamsewu wationa, wayang'ana nambala ya mpikisano pa chitseko, wayang'ana gogo wa helimeti, watembenuka n'kuyamba kuyang'ana nyanja.

Kuseri kwa chitenje ndikumva akuimba foni. Akuuza mwana wawo, amene ali m'takisi kutsogolo kwathu, kuti awauze akamwini achepetse liwiro. Posakhalitsa foni yanga yalira.

"Akuti muchepetse."

Ndachepetsa.

Titafika, ndayang'ananso khoma kuti atsike. Ndatsitsa mbatata, ndathamanga nayo pa masitepe, ndatsika kuti ndiuyatse. Anaphiri andigwira malaya. Mlendo wafika kumene, mwini nyumba sachoka asanamve za ulendo. Ndakhala pa khonde, iwo pabalaza, Anaphiri pakhomo kupititsa mawu uku ndi uku. Za ulendo zayambira pa mvula ya chaka chatha, zadutsa pa maliro onse a m'mudzi mmodzimmodzi, ndipo pomwe timafika pa malire oyamba, anzanga atumiza chithunzi cha geti ya bwalo akuitseka.

LAMULUNGU

Ku tchalitchi, giya yachiwiri. Anaphiri ayenda wapansi ndipo tawapeza atafika kale.

Tikutuluka m'mapemphero ndapeza amayi a Chimalawi azungulira galimoto. Apongozi akuwaonetsa mapaipi mmodzimmodzi. Akuti ana a masiku ano akapita ku sukulu amataya mwambo, koma akamwini awo, ndi madigiri awo onse, anachotsa mpando wabwinobwino n'kulipira mmisiri kuti awotcherere zitsulo zopachikapo nsalu, kuti iwo adzayende mwa ulemu. Chikwatirireni, aka n'koyamba kundiyamikira. Ndafuna kukonza mbiriyi, koma Anaphiri andiponda phazi. Bambo wina wa ku Ntcheu wanditengera pambali, akuti apongozi ake akubwera mwezi wamawa, kodi Loweruka ndimakhala wotanganidwa?

A kubwalo alemba kuti tsiku lina lotere lidzakhalako miyezi ikubwerayi. Ndafunsa Anaphiri kuti amayi akhala mpaka liti. Akuti poyamba amati masabata awiri, koma m'mene aonera mayendedwe ake, sakuonanso chothamangira.

Pano ali pabalaza ndi singano. Akusoka timalupu m'mphepete mwa nsalu kuti izitha kukokedwa pa paipi ngati katani yeniyeni, zingwe za mlaza zija akuti n'zosayenera galimoto yabwino chonchi. Atuma mwana wawo kudzandifunsa ngati ndikufuna ya maluwa ija kapena ina ya nkhanga.

Ndasankha ya nkhanga. Pa liwiro lathuli anthu a m'mbali mwa msewu amakhala ndi nthawi yokwanira yoiyang'ana, ndiye bola ikhale yooneka bwino.