Mutu wa Malume M'bokosi

Ndinene poyamba kuti palibe anamwalira. Koma malume anga anathawa m'dziko muno kwa masiku anayi, ndipo wochititsa ndinali ine ndi pensulo yanga.

Nthawiyo ndinali mu Sitandade 6 pa sukulu ya mishoni kufupi ndi boma la Mulanje, ndevu zitayamba kale kumera (tinkayamba sukulu mochedwa, musaseke). Mphunzitsi wathu wina, mzungu amene tinkawatcha a Chipewa, anabwera ndi kamera ya kanema yochita kupukusa. Anati kalasi lathu lipange kanema wamfupi wophunzitsa kusamba m'manja: munthu achoke kumunda, asambe, adye. Filimu inali yochepa, ndiye chilichonse chimene kamera idzaone chinayenera kuyamba chajambulidwa papepala, m'timabokosi totsatana. Ntchitoyo inagwera ine, poti anali atandigwira kawiri ndikujambula mphuno yawo kuseri kwa kope.

"Usajambule munthu yense ali patali basi," anatero m'Chinyanja chawo chopindika. "Bokosi lina nkhope yokha. Lina manja okha."

Wochita seweroli ndinali nditamusankha kale mumtima: malume anga a Layisoni, othyola tiyi ku esiteti, amene ankandisunga. Sindinawauze. Ndinkafuna ulemuwo uwadzidzimutse.

Ndinajambula ndi mtima wonse. Bokosi loyamba, malume athunthu, khasu paphewa. Lachiwiri, mapazi okha. Lachitatu, manja okha m'beseni. Lachinayi, mutu wokha ukumwetulira, pambali pake mbale. Pakati pa mabokosiwo ndinaika mawu amene a Chipewa ankakuwa akafuna kamera ileke, koma ndinawamasulira m'chathu kuti anzanga amve: DULANI APA. Pamwamba ndinalemba kuti, "A Layisoni. Lachisanu, kuseri kwa tchalitchi. Abwere asanadye."

Pepalalo ndinaliiwala m'thumba la kabudula. Akazi a malume analipeza pochapa, n'kulipereka kwa amuna awo, amene kuwerenga anaphunzirira m'buku la nyimbo. Ndipo dziwani kuti masiku amenewo kunali mphekesera za achifwamba, anthu ogwira anzawo kuti azungu akawaike m'zitini.

Pochokera kusukulu ndinapeza njinga ya malume palibe, mayiwo atakhala pakhonde, maso ali psuu.

"Malume ako awoloka malire, athawira ku Milanje. Iwe mwana iwe, munthu wakulera chikhalire, lero ukumupereka kwa azungu?"

Atandionetsa pepala lija, ndinaseka. Apo ndiye ndinaonjeza mlandu, chifukwa anaitana anansi kuti adzaone mfiti ikuseka.

Loweruka ndinakwera lole mpaka pamalire pa Muloza, n'kuwoloka, n'kuwapeza malume kwa msuweni wawo. Atandiona analowa m'nyumba, n'kumalankhulira pazenera.

"Ima pomwepo. Wabwera ndi angati?"

"Ndili ndekha, malume. Zijazi n'za kanema chabe."

"Kanema wake uti wodula mapazi?"

Ndinapinda zala zanga kupanga kabokosi, n'kuloza tambala amene ankayenda pabwalo. "Suzumirani apa. Mukuona mutu wokha eti? Koma tambalayo ali bwinobwino, thupi lake lonse lilipo."

Malume anasuzumira, ndipo ndinaona kuti ayamba kumva. Nthawi yomweyo akazi a msuweni uja anatulukira ndi mpeni, n'kumugwira tambalayo kuti aphikire mlendo. (Mlendoyo ndinali ine.) Zenera linatsekedwa.

Zinatengera a Chipewa eniake kubwera pa njinga yamoto mpaka pamalire, kamera ili m'chikwama. Malume anaigwira, anaigwedeza, anaitsegulitsa kuti aone ngati muli mpeni. Kenaka anaika diso, n'kuyang'ana mutu wa mzunguyo uli wokha m'kagalasi. Anachotsa diso, thupi lilipo. Anabwereza kanayi.

"Chabwino," anatero. "Koma pojambulapo chikwanje changa chikhale pafupi."

Ndiye ngati munaonapo kanema wa bambo akusamba m'manja chikwanje chili kukhwapa, amenewo ndi malume anga. Tsiku loonetsa pakhoma la tchalitchi, mutu wawo unatuluka waukulu ngati chitseko. Anadzigwira pakhosi, anthu akufa ndi kuseka, kenaka anatembenukira kwa ine.

"Ukanandiuza bwino, ndikanapesa ndevu."

Kunena zoona, tinakhala bwino kuyambira pamenepo. Kuntchito anawapatsa dzina loti Abiyasikopo (kanema tinkamutcha biyasikopo masiku amenewo), ndipo ankaliyankha monyadira. Ine ndinatolapo phunziro lakuti zabwino zimene ukumukonzera munthu uzimuuza ndi pakamwa pako, asanazipeze yekha. Ndikanakonda kunena kuti sindinabwerezenso. Koma mkazi wanga, mukamufunsa, akuuzani kuti tsiku la ukwati wathu analimva kwa abusa akulengeza m'tchalitchi.